Madzi a Mwini Kasupe

Raycho Belchev ananyamuka m'tawuni ya Smolyan dzuwa litalowa kale, ndipo kuchedwako sikunali kufuna kwake. Masana, popita kukatenga mwana wake Nevena amene anali atangochira kumene kuchipatala, injini ya galimoto yake inatentha mpaka kufuka nthunzi. Makaniko wina anasintha paipi yophulika, nathira madzi, namuuza kuti azipita. Koma kuyambira pamenepo hita inkangouzira mphepo yozizira.

Atakwera m'mapiri, chisanu chinamata galasi la kutsogolo. Khanda la Nevena, limene linkalira njira yonse, linangoti zii.

"Ababa, timanja take tazizira ngati mwala," anatero Nevena ali kumbuyo. "Chiphapha chanuchi chitipha."

"Chiphapha chomwechi ndicho chinakulera iwe. Mfunditse chikhoto changa."

Raycho anaima m'mbali mwa msewu, nadikira kuti injini izizire. Atatsegula chitsekerero cha pothirira madzi, anapeza madziwo atatsikanso. Anatenga chigubu, nauza Nevena kuti akhome zitseko, nauyamba wapansi kupita ku kasupe wa pakhona.

Kwathu kuno kasupe wa m'mbali mwa msewu samangidwa wamba. Amamangidwa ndi abale a munthu amene anatisiya, ndipo aliyense wotungapo amanena kuti, "Mulungu amukhululukire." Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa zimenezi. Koma Raycho, mtima uli pa mdzukulu wake, anadzaza chigubu mumdima, natembenuka osanena kanthu.

Pobwerera anamva mapazi kumbuyo kwake. Anaima. Nawonso anaima.

"Madzi okha sathandiza, achimwene."

Anali munthu wamtali, wovala jekete la oyendetsa malole a mitengo, losamanga mabatani pa chisanu chotere. Lole panalibe. Nyumba panalibe. Raycho anakumbukira mbiri ya anthu amene amadikirira galimoto zofera panjira, ndipo anafumbata sipanala m'thumba.

"Mwachokera kuti, bambo?"

"Pompano. Lizani injini, mugwire mapaipi awiri olowa ku hita."

Raycho anachita zimenezo, diso limodzi lili pa mlendoyo. Paipi imodzi inali yotentha, inzake yozizira.

"Mpweya watsekera njira," anatero mlendo. "Wokuthirirani madziyo anali pa changu. Mpweya umakwera, sutsika. Kwezani galimoto pa chitunda cha kasupe, mphuno iloze kumwamba."

Nevena anatsitsa galasi pang'ono. "Musamvere, ababa," ananong'ona. "Akufuna tichoke mumsewu. Ndipo taonani pakamwa pake... inu mukutulutsa nthunzi, iye ayi."

Raycho anayang'ana. Zinali zoona. Pa chitundacho galimoto ikanatitimira m'chipale chofewa, sipakanakhala pothawira. Anapisa dzanja m'chikhoto chija, nakhudza tsaya la khanda. Linali lozizira. Khandalo silinagwedezeke n'komwe.

Anakwera. Popeza kutsogolo sikunkaoneka, anayendetsa mutu uli kunja, maso ali pa tayala, kufikira galimoto itapendekera pa chitunda. Anatsika, nakweza boneti, msana atalozetsa ku kasupe. Mlendo anali ataima kale pambali pake. Anafika nthawi yanji?

"Chotsani chitsekerero ndi nsanza. Thirani pang'onopang'ono. Finyani paipi."

Raycho anafinya. Palibe chinachitika.

"Finyaninso."

Mlendo anasanjika chikhatho pa chitsulo cha injini, pamene munthu sangakhudze osapsa. Sanachichotse.

Bwu! Thovu linatuluka. Lina... linanso... madzi anatsika, Raycho nawonjezera. Pansi pa zala zake paipi yozizira ija inayamba kufunda.

"Mawa mukathire mankhwala, madzi okhawa adzaundana," anatero mlendo. "Ine ndinati ndigone m'kati mpaka kuche. Musagone."

"Mukuti chiyani?"

"Madzi mwatunga. Mawu simunanene."

Raycho anawerama kuti amange chitsekerero. Pamene ankatsitsa boneti, pambali pake panalibe munthu.

Analumphira m'galimoto, nakhoma chitseko. Mpweya wofunda unamuomba kumaso. Kumbuyo, khanda linatsokomola, kenaka linalira mokweza, ndipo Nevena analira nalo limodzi.

Chisanu cha pagalasi chinayamba kusungunuka. Poyamba panabooka kabowo ngati diso. Kanakula. Kudzera m'menemo, nyali za galimoto zinaonetsa mwala wa kasupe, ndi chithunzi chomatidwa pamenepo.

Jekete lomwelo. Nkhope yomweyo!

Pansi pake panali dzina la Gavril Dechev, woyendetsa lole, amene anafa ndi chisanu pakhona pomwepo. Chaka chimene chinalembedwapo chinali cha kale, Nevena asanabadwe.

"Ababa, tiyeni," anatero Nevena. "Chonde bwezani galimoto."

Raycho sanabweze. Anatsegula chitseko, natsika. Anayenda mpaka pa kasupe, navula chipewa, natapa madzi m'manja, namwa.

"Mulungu akukhululukire, Gavril," anatero.