Besi Wakumbuyo

Nkhaniyi adandiuza ndi Mayi Gwendoline a ku Chipata, tikudikira kuti zovala ziume pochapira pena ku Gaithersburg, ku America. Akuti idamuonekera Rosina, mwana wa mnzawo wakutchalitchi, mu 1997.

Rosina adakumana ndi Calvin pa siteji, chisanu chikuluma makutu. Mnyamatayo adamumva akudandaula yekha m'Chichewa kuti basi yachedwa.

"Achemwali, ndinu akumudzi?"

"Wa ku Balaka. Bwanji?"

"Ndiye ichedwe ndithu basiyo. Ikabwera msanga ndikuonaninso kuti?"

Rosina adaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kudamupweteketsa.

Anali pa koleji imodzi, ndipo Calvin adamukokera ku cheerleading, aja amachemerera timu ya basiketibo povina ndi kunyamulana m'mwamba. Mapewa a Rosina adazolowera kudzutsa okalamba kuntchito, choncho adamuika kukhala besi, wonyamula anzake.

Mabesi amakhala atatu. Awiri am'mbali amagwira mapazi a wokwerayo. Wachitatu amaima kumbuyo atagwira akakolo, ndipo zikavuta ndiye amawakha mutu ndi msana. Mphunzitsi ankangobwereza chimodzi: besi sachotsa maso pa munthu wake, ngakhale denga ligwe.

Rosina anali m'mbali, Calvin kumbuyo. Wokwera wawo anali Jacinta, kamtsikana kowonda ngati bango.

Mawu okoma Calvin sankasowa.

"Rozi wanga, shuga wa m'tiyi mwanga, ndikangomaliza sukulu ankhoswe akafika ku Balaka."

Peja ya Rosina, kachipangizo kolandirira mauthenga a manambala, inkalira ali pakati posintha nsalu za odwala. Akayang'ana, Calvin watumiza 143, manambala otanthauza kuti ndimakukonda. Ndani sakadakhulupirira?

Chomwe chinkamudya Rosina ndi Cynthia yekha, wokwera wa gulu loyandikana nalo.

"Bwanji umamuperekeza kokwerera sitima ya Metro tsiku lililonse?"

"Aa, Rozi, ameneyo ndi mlongo chabe. Nsanje sikukhala, dali."

Tsiku la masewera holo idadzaza. Magulu awiriwo adaima moyandikana, nyimbo idayamba, atsikana awiri adakwera m'mwamba, manja tambasu. Phazi la Jacinta linali m'zikhatho za Rosina.

Kenaka bondo la Cynthia lidagwedera. Pang'ono chabe, ndipo mabesi ake atatu anali pompo.

"Cyndi wanga!"

Anali mawu a Calvin. Akakolo a Jacinta adawataya, nathamangira kwa Cynthia.

Jacinta adapendekera chagada, mutu kulunjika pansi, kumbuyo kulibe munthu. Rosina adasiya phazi nadziponya pansi pake. Chigongono cha Jacinta chidamupeza pakamwa, onse awiri khu! pathabwa.

Jacinta adadzuka wamoyo. Rosina adalavulira dzino m'dzanja. Atatukula mutu adaona Calvin atakumbatira Cynthia, akumusisita tsitsi ndi kumupsompsona pachipumi, munthu woti pansi sadapakhudze n'komwe. Mseru udamukwera kuposa ululu. Milomo yomwe ija? Manja omwe aja?

Calvin adamupeza pabenchi panja pa holo, atanyamula ayezi m'kapepala.

"Rozi wanga, ika apa. Ndinangosokonezeka, ukudziwa mmene..."

"Usandikhudze."

"Shuga, tamvera. Thupi linangopita lokha."

"Ndi zomwe ndaonazo. Pakamwa pako pakhala pakundinamiza chaka chonse, koma thupi lako lanena zoona."

"Ndiye undisiya chifukwa cha kamphindi kamodzi?"

"Jacinta akanathyoka khosi, Calvin. Wamufunsa n'komwe kuti ali bwanji?"

Calvin adayang'ana ayezi akusungunuka m'manja mwake. Anali asanamufunse.

"Zandiipira kuti ndinadyapo nawe mbale imodzi," adatero Rosina. Adalavula magazi pafupi ndi nsapato yake, nanyamula chikwama.

Mphunzitsi adamuchotsa Calvin m'gulu sabata yomweyo, poti palibe wokwera adalolanso kuti aime kumbuyo kwake. Ngakhale Cynthia adakana.

Mayi Gwendoline adamaliza akupinda nsalu za mapilo, nati Rosina adamuiwala Calvin tsiku lomwelo, osagwetsa ndi msozi umodzi. Za dzinolo ndikuvomera, za mseruwo ndikuvomeranso. Koma ndayenda, ndamva za anthu ambiri m'mabasi ndi m'masitima, ndipo sindidaonepo mtima wosanza munthu tsiku limodzi. Zoti sadalirezo ine ndikukayika.