Njira ya Miyala Yakuda

Esime ankakhala ku Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma. Ankakhala ndi amayi ake. Bambo ake anafera mu mgodi.

Esime ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi asiye kugwa.

Kuseri kwa nyumba kunali dimba la repu. Mvula ikagwa, popita kudimba pankaterera. Amayi anali ndi bondo lopweteka. Anagwa m'matope. Mawa lake anagwanso.

Esime anatenga chidebe. Anapita pa mulu wa miyala ya mgodi wakale. Anasankha miyala yoyera, yonyezimira. Anatuta. Anatutanso. Anaiyala kuyambira pakhomo mpaka kudimba. Njira inakongola zedi.

Amalume Zakaria anabwera kudzacheza. Iwo ankasaka golide. Anawerama, natola mwala umodzi. Anaunyowetsa ndi malovu. Anauyang'ana padzuwa.

M'mawa Esime anapita kusukulu. Amayi anapita kumsika. Amalume anabwera ndi anzawo ndi mahamala. Anazula miyala. Anaswa. Anaswanso. Golide sanam'peze.

Esime pobwera anapeza njira palibe. Panali matope ndi timiyala tokhatokha.

Amayi anakwiya kwambiri.

"Achimwene, golide anadya mwamuna wanga," anatero amayi. "Lero akudya njira ya mwana wanga?"

Amalume anati ankangoyesa mwayi. Amayi anati mwayi umenewo akayesere kwawo. Amalume anazyolika.

Esime sanalire. Anakhala pa chidebe chake. Anaganiza. Anaganizanso. Mwala wonyezimira umaitana anthu. Nanga mwala wosanyezimira?

"Amalume, miyala yopanda golide ndi iti?" anafunsa Esime.

Amalume anati ndi yakuda, yaphanthiphanthi ija. Anati palibe amene amaifuna.

"Ine ndikuifuna," anatero Esime.

Amalume anakabwereka wilibala. Anatuta miyala yakuda. Esime anakumba pang'ono ndi khasu. Anakhazika mwala. Anaupondaponda. Ukagwedera, ankauchotsa n'kukumbanso.

Pakati pa miyala panatsala mipata. Esime anathiramo timiyala toswedwa tija. Amalume anati timeneto palibe angatikhudze. Aliyense akudziwa kuti mulibe kanthu.

Mvula inagwanso. Inagwa yambiri. Esime anaima pakhomo, mtima uli m'mwamba.

Amayi anaponda mwala woyamba. Sunagwedere. Anaponda wina. Sunagwedere. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kudimba.

Anatembenuka, nayang'ana njira yonse.

"Si yokongola, mwanangu," anatero amayi. "Koma yandifikitsa."

Esime anaseka. Anathamanga pa miyala yake mpaka kwa amayi.

Amalume anaima patali, manyazi ali tho. Amayi anawaitana.

"Mwaimiranji pamenepo, achimwene? Bwerani mudzathyole ndiwo. Koma hamala musiye panja."

Amalume anabwera, akuponda bwinobwino. Onse atatu anathyola repu, mvula ikuwaza.