Mnyamata Amene Anagulitsa Msewu

Pa Rumphi pano palibe amene sankaidziwa nyumba ya a Simeon Harawa, mkulu wa mpingo wathu. Ine ndinkaidziwa kuposa onse, chifukwa akazi awo, amayi Vailet, tili limodzi mu Umanyano, gulu la amayi a mpingo limene ndalitsogolera zaka zambiri popanda wodandaula. Inali nyumba yaulemu, yodyera pamodzi ndi kupemphera pamodzi. Mwana wawo Watipaso ndinamuphunzitsa ndekha Sande sukulu. Anali wanzeru ndithu, ngakhale sankafika pa ana anga.

Ogwira ntchito m'boma ochokera ku Lilongwe ndi ku Zomba atayamba kusaka malo omangapo, a Simeon anadula munda wa kuseri kwa nyumba yawo kukhala mapuloti. Pambali pa nyumbayo anasiya mpata wa msewu wolowera kumapulotiko, nadzala khonje uku ndi uku, monga timachitira kuno posonyeza malire. Maso awo anali atafooka, choncho ntchito yoonetsa ogula anaipereka kwa Watipaso.

"Mwana wanga, gulitsa kwina konse, koma pakati pa khonje usakhudzepo," anatero bambowo. "Ndinalonjeza pamaso pa akhonsolo kuti msewu ulipo."

"Yewo, adada. Ndamva."

Sipanatenge nthawi, Watipaso anapalana ubwenzi ndi Jimmy, dobadoba wa malo amene ankaswera pa depoti.

"Aise Wati, mwana wa mwini malo n'kumayenda wapansi ngati wogulitsa nthochi?" anamuseka Jimmy. "Polowera msewu paja ndiye puloti yabwino chomene. A Peter a ku Chitimba, ogulitsa usipa aja, akufuna pomanga golosale."

"Nanga anthu akumbuyo azidzadutsa pati?"

"Alibe miyendo? Khonje ndi chomera, aise. Umazula, n'kudzala pena."

Makolo ake atapita kumaliro ku Mwazisi, Watipaso anazula mzere umodzi wa khonje n'kuudzala pafupi ndi unzake. Msewu wa galimoto unasanduka kanjira ka njinga. Malo otsalawo anagulitsa kwa a Peter, iye n'kugula njinga yamoto. Kutchalitchi anasiya, m'mabala n'kumamuitana kuti bwana.

Koma ine maso anga sanamizika. Ndinaphunzira ku Phwezi, sindine munthu wopusitsidwa ndi chomera. Ndinamuimitsa pamsewu.

"Watipaso, khonje uyu wafota bwanji mzere umodzi wokha?"

"Ndi dzuwa, amama."

"Dzuwa losankha mzere? Bwezera zimene wachita bambo ako asanachite manyazi."

Anangoliza njinga yake, n'kundisiyira fumbi pa nsalu yanga yatsopano. Ndinakawatsina khutu amayi Vailet, koma mayi pa mwana wake mukudziwa. "Akukula, NyaChirambo, asintha," anandiyankha.

Amisiri atayamba kumanga, a Simeon anamva phokoso. "Akumanga ndani pafupi chonchi?"

"Ndi a Peter, adada. Ali kunja kwa malire."

Mkuluyo anatenga ndodo, napita kukafufuza. Ndodo inagunda khonje, khoma lili kuseri kwake. Anabwerera mtima uli m'malo, chifukwa kwa munthu wa msinkhu wawo khonje sanama.

Zinaululika tsiku limene amayi Hellen, namwino wochokera ku Zomba, anabwera ndi lole yodzaza njerwa. Lole inaima, polowera palibe. Mayiyo analunjika pakhonde la a Simeon.

"Bambo Harawa, ndinagula kwa inu chifukwa anandiuza kuti mkulu wa mpingo sanama. Njerwa zangazi ndizisenze pamutu?"

Ogula onse anakadandaula kukhonsolo, ndipo akhonsolo anabwera kudzayeza, khamu likuwatsatira. Ine ndinali kutsogolo, ndinamva zonse.

"Ndinagula kwa mwana amene munamutuma nokha," anakalipa a Peter. "Golosale yanga yafoleredwa kale. Mukaigwetsa, mnyamatayu akagona kundende."

Mkulu wa akhonsolo sanachulutse mawu. "Anthuwa msewu aupeza basi. Tigwetse golosale, mwana wanu apite kupolisi, kapena banja lanu lipereke malo ena olowera lole."

Malo ena analipo amodzi okha, pamene panali balaza ndi chipinda chogona cha nyumba ya a Simeon. Watipaso anayang'ana uku ndi uku kusaka Jimmy, koma mnzakeyo anali atakwera kale basi ya ku Mzuzu.

A Simeon anatsamira ndodo yawo. Kenaka anati, "Lonjezo linali langa, mwananso ndi wanga. Msewu udutse m'nyumba mwanga."

Amayi Vailet analira mokweza, ine n'kuwagwira. Watipaso anagwada m'fumbi. "Adada, ndikhululukireni! Bola andimange!"

"Ndakukhululukira," anatero bambo ake. "Koma nyundo ugwira ndiwe."

Anagwetsa yekha makoma amene bambo ake anamanga ali mnyamata, anthu akuonerera. Pambuyo pake anaulula tchimo lake pamaso pa akulu a mpingo, ndipo anabwerera kutchalitchi. Lero amaumba njerwa, akuti adzawamangire makolo ake pena. Koma nkhalamba ziwirizo zikukhala m'zipinda ziwiri zotsala, malole akudutsa pansi pa windo, fumbi likugwera m'mbale.

Achinyamata, ndimvereni ine amene ndinaona ndi maso anga. Kusuntha malire ndi kuba, ngakhale mwini wake asakuoneni. Mulungu amakhululukira wolapa, inde, koma nyumba yogwa siimanso chifukwa cha misozi. Mukamaba, dziwani kuti amene adzalipire ndi amene anakuberekani.