Pakona ya Bolodi

Tsiku loyamba kuonana, anayamba ndi mkangano. Mphunzitsi wam'mawa anali atataya nthawi yake yonse yopuma akulemba zilembo pabolodi kuti mawa asadzavutike. Pobwerera kudzatenga ambulera, anapeza mwamuna wamtali akufufuta zonse, uku akuimba mluzu.

"Inu! Mwafufutiranji ntchito yanga?"

"Pepani madamu, bolodi ndi limodzi, ife tilipo awiri. Ndine wamasana."

Zinalidi choncho. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro inali itagawa sukulu pawiri: ana ena m'mawa, ena masana. Chipinda chomwecho, mabenchi omwewo, malipiro omwewo obwera mochita kukwawa. Mayiyu anali ndi ana 112, mnzakeyo 98.

M'mawa mwake anapeza pakona ya bolodi palembedwa: "Pepani, Wam'mawa. Kona iyi ndi yanu, sindidzafufutanso." Anamwetulira, nayankha: "Takhululuka, Wamasana. Koma mluzu wanu ndi woipa."

Kona ija inasanduka positi ofesi. Pakhomo ankaonana mphindi zisanu zokha, wina akutuluka wina akulowa, manja ali mbuu ndi choko. Zotsalazo ankamalizira pafoni, ndipo Loweruka lililonse ankayenda limodzi.

"Duwa langa, wadya?"

"Ndadya fumbi la choko. Kaya malipiro atuluka liti!"

"Pirira, wapamtima. Ngakhale sukulu aigawe panayi, ine sindidzakusiya."

Ndani sangagwe ndi mawu otere? Wam'mawa anagwa, osadziletsa n'komwe.

Kenaka kunabwera kalata. Ahedi anaiwerenga ataimirira: kumapeto kwa teremu oyendera sukulu adzayesa ana kuwerenga. Mphunzitsi amene ana ake adzachite bwino adzakwezedwa, amene ana ake adzalephere adzasamutsidwira kutali. Wam'mawa anachita mantha, pakuti ana ake makumi atatu sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

"Ndikuthandize?" anafunsa Wamasana.

"Ana anga ndithana nawo ndekha. Samala ako."

Liuma analinso nalo mayiyu, tisamubisire.

Patapita masiku atatu, akudutsa pazenera la ofesi, anamva liwu limene ankalidziwa bwino. "Ahedi, ndipatseni mayina a ana onse am'mawa amene sadziwa kuwerenga."

Linali liwu la Wamasana. Mayinawo a chiyani? Akawapereke kwa oyendera kuti iye aoneke katswiri? Loweruka lotsatira Wamasana sanabwere. Linzakenso anangotumiza uthenga: "Ndatanganidwa, duwa langa." Mtima unamupweteka, analira mpaka maso kutupa. Lolemba analemba pakona: "Kwerani bwino pamsana panga. Musandiimbirenso." Foni itaitana sanayankhe, ndipo pomaliza kuphunzitsa ankathawa belu lisanamalize kulira.

Loweruka lomaliza oyendera asanafike, anapita kusukulu kukadzaza mafomu amene anali ataunjikana. Ali pabwalo anamva timawu m'chipinda chake: "Ma, me, mi, mo, mu!"

Anasuzumira. Ana ake makumi atatu aja anali pamabenchi, ndipo kutsogolo kunali Wamasana, malaya atanyowa ndi thukuta, liwu litasasa.

"Iwe!" Mafomu anagwa pansi. "Bwanji sunandiuze?"

"Ukanalola? Unati uthana nawo wekha."

"Nanga ana ako? Kukwezedwa kwako?"

"Andikweze ndikhale ndekha muno, iwe uli kutsidya kwa mapiri? Ndiye m'mawa pakona pazilemba ndani?"

Wam'mawa anayang'ana pabolodi. Mawu ake owawa aja anali akadali pomwepo, osafufutidwa, monga Wamasana analonjezera. Manyazi anamugwira, anatenga dasitala nawafufuta yekha.

"Ndikhululukire, wapamtima."

"Komatu ana awa andithera maswiti kuti asaulule!"

Oyendera anabwera ndi zikwama zawo, nkhope zili gwa. Analoza mwana uyu, analoza uyo, ndipo aliyense anawerenga. Ngakhale kamtsikana ka kumbuyo kamene kale kankangolira kakapatsidwa buku, kanawerenga mzere wonse. Makalasi onse awiri anapambana! Kukwezedwa kunapita kwa wina, malipiro anachedwanso mwezi umenewo, koma palibe amene anasamutsidwa.

Lolemba m'mawa mayiyu analowa m'kalasi n'kupeza pakona pataphimbidwa ndi pepala. Wamasana, amene sankaoneka pasukulu dzuwa lisanafike pamutu, anali ataima pakhomo, atavala taye. Mwamunayo analowa nachotsa pepalalo.

"Ana inu, awerengereni aphunzitsi anu."

Makumi atatu aja anaimirira. "Wa-m'ma-wa, ko-di mu-ndi-lo-la ndi-ku-kwa-ti-re-ni?"

Misozi inatsika, koma ya chimwemwe. Wam'mawa anatola choko nalemba pansi pake zilembo zazikulu, zooneka mpaka benchi lomaliza. Ana onse 112 anakuwa mpaka ahedi anatuluka muofesi akuthamanga:

"I-nde!"