Ndevu za Mlamu Wanga

Amene anapha amuna anga ndi mng'ono wawo, mlamu wanga. Sanagwire mpeni ayi. Anangobwera kudzametetsa ndevu.

Amuna anga anali ometa. Mutu unali utayera kale imvi, ndipo ankadwala shuga. Kachilombo ka chifuwa kaja katabweranso kali ka mtundu wina, ine ndinakabayitsa katemera. Nawonso anali atavomera kupita. Koma mlamu, amene amasunga apongozi anga, anawaseka.

"Achimwene, katemera ndi wa nkhuku. Mwayamba kuikira mazira? Amayi ndawaletsa kale, inunso musapite."

Sanapitedi. Chinatsala chowateteza ndi masiki basi.

Tsiku lina masana ndinawapititsira matawulo ochapa. Ndinapeza mlamu atadzikhalira pampando wometera, maso ali psuu, akutsokomola.

"Bwanji osayamba mwachira?" ndinamufunsa.

"Ndi kachimfine chabe. Kodi alamu, ndevuzi ndi zanu?" Kenako anatembenukira kwa achimwene ake. "Inunso mwadzimanga kukamwa ngati mbava. Ndikununkha? Si ife tinayamwa bere limodzi?"

Amuna anga anali munthu wamanyazi. Anavula masiki n'kuikoleka pamsomali. Ndevu sizimetedwa munthu uli patali. Anawerama, mphuno ndi mphuno, mlamu akuwapumira kumaso. Masiki ija sanaivalenso.

Matenda analowa m'nyumba monse. Mtsikana wathu wapasukulu anangoyetsemula, mawa lake akudumpha chingwe panja. Ine ndinagona, mutu ukuwawa, kenako ndinadzuka. Mlamu, poti ndi wamng'ono, anachira n'kumakamenya mpira. Koma amuna anga chifuwa chinkalira ngati chitseko chadzimbiri.

Kuchipatala nesi sanandibisire. "Mayi, mtundu uwu umafala msanga. Ana ndi obayitsa kawirikawiri umangowagwedeza. Koma achikulire ashuga osabayitsa umawagwira pakhosi."

Amuna anga anamwalira ine ndikuwaonera pawindo.

Maliro atatha, ndinapita kukasesa mometeramo. Dzuwa linali pamutu, koma msewu wonse uli zii. Telala atatseka, wazitsulo atatseka, ngakhale galu osaoneka. Nditatsegula chitseko, fungo la sopo wawo linandilandira ngati angotuluka kumene. Mpando unali utayang'ana kukhomo ngati ukudikira munthu. Masiki ili pamsomali pomwe paja, itatukuka pamene pankakhala mphuno yawo.

Ndinadina swichi ya pakhoma kuti ndione bwino. Nthawi yomweyo makina ometera analira okha. Amuna anga anali atawasiya osazimitsa. Anayamba kunjenjemera, kuyenda pashelefu pang'onopang'ono, popanda dzanja lowagwira, mpaka anagwera pampando n'kumalirabe pomwepo.

Nditadzutsa maso, m'galasi munali munthu kumbuyo kwanga. Msinkhu wawo. Mapewa awo. Chipumi chawo. Kukamwa kutatsekedwa ndi masiki.

Tsache linandigwa.

"Alamu," anatero munthuyo.

Anali mlamu. Sindinadziwe kuti akatseka pakamwa pake paja amafanana chonchi ndi achimwene ake. Anaima panja, osayerekeza kuponda pakhomo.

"Amayi ayamba kutsokomola. Chifuwa chikulira ngati muja. Ndawauza tipite kuchipatala, akuti iwe si unati kumeneko n'kopanda ntchito? Ine sakundimveranso. Mwina inu."

"Nkhuku zija lero mwazifuna?"

Masiki yake inanyowa pansi pa maso.

Ndinazimitsa makina, n'kupita. Sindinapitire iye. Ndinapitira apongozi. Ndinawabereka kumsana ngati khanda mpaka pamsewu. Pano ali pa mpweya, m'chipinda chomwe chija, ndipo mlamu amaima pawindo lomwe ndinkaima ine, mkono utatupa ndi katemera.

Achibale akuti ndimukhululukire, sankadziwa. Sankadziwa? Nanga wosadziwa amaletsa bwanji anzake? Iwe amene ukuwerenga, iwe amene umachira msanga n'kumati ndi kachimfine chabe, kwanu kulibe wa imvi? Ukamatsokomola osatseka pakamwa, umapumira yani? Usandiyang'ane pansi. Ndiyankhe.