Chitsulo cha Signe Sichinalire

Signe anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Iye anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kukwera Mphepo ya Kumpoto.

Mphepo ya Kumpoto inali sitima ya m'paki ya masewera. Njanji yake inali pa nsanja zamatabwa. Inkakwera kuposa mitengo. Inkatsika msanga kuposa mbalame.

Signe ankailota sitimayo. M'maloto ake, sitima inkayenda mwakachetechete. Inkalowa m'mitambo. Mitamboyo inali yofewa ngati ubweya wa nkhosa.

Koma pakhomo pa sitima panali thabwa. Pathabwapo panali mzere wofiira. Mwana wosafika pamzerewo sankakwera. Chaka chatha Signe sanafike. M'chilimwe sanafikenso. Panatsala chala chimodzi.

Tsopano linali Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kudziko la Signe, chisanu chimayamba m'mwezi umenewu. Linali tsiku lotseka paki. Paki ikatsekedwa, inkagona mpaka Epulo.

Signe ananyamuka panjinga. Amayi ake anali patsogolo. Mchimwene wake, Asger, anali pakati. Masamba achikasu ankagwa pang'onopang'ono. Kunja kunkazizira kwambiri.

"Palasa, kamfupi iwe!" anatero Asger. "Mwina usiku wafupikanso."

"Inu achimwene munakula makutu okha," anayankha Signe.

Pakhomo pa sitima panali mlonda, Bambo Ejvind.

"Vula chipewa, mwanangwe," anatero Bambo Ejvind. "Zidendene pansi. Usanyanyamphire."

Signe anaima njo. Anagwira mpweya. Mutu wake unakhudza mzere wofiira.

"Wafika!" anatero Bambo Ejvind.

Signe analumpha. Amayi anaomba m'manja. Kenako anatsala pansi, atanyamula zikwama.

Mzere wa anthu unali wautali. Signe anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Dzuwa linayamba kupendeka. Pomaliza, iye ndi Asger analowa. Bambo Ejvind anatseka chipata kumbuyo kwawo.

"Ulendo womaliza wa chaka chino!" anafuula motero.

Mpando uliwonse unali wa anthu awiri. Mpando uliwonse unali ndi chitsulo chimodzi chowatchinga. Zitsulo zinatsika pamiyendo ya anthu.

Kha! Chinalira chitsulo chakutsogolo.

Kha! Chinalira chitsulo chakumbuyo.

Chitsulo cha Signe chinatsika. Koma sichinalire.

Signe anali atavala chovala chokhuthala cha m'chisanu. Asger anali atavala chijekete chofufuma. Chitsulo chinamira m'zovala zawozo. Bambo Ejvind anadutsa mofulumira. Anachikanikiza ndi dzanja. Chinaoneka cholimba, ndipo iwo anapitirira.

Signe anakweza bondo. Chitsulo chinakwera. Anatsitsa bondo. Chitsulo chinatsika. Gwede, gwede.

"Achimwene," ananong'ona Signe, "chathu sichinalire."

Asger anachigwedeza. Nayenso anaona.

"Khala chete," anatero Asger. "Ukanena, atitsitsa. Ulendo wina kulibe. Udikira mpaka Epulo."

"Nanga tikagwa?"

"Ndikugwira ine. Ukuiona minofu iyi?"

Asger ankamukonda mlongo wake. Koma pamenepa analakwitsa.

Belu linalira kamodzi. Likalira kachiwiri, sitima imanyamuka.

Signe anayang'ana njanji. Inkakwera, inkakwera, mpaka kumwamba kofiirira. Anayang'ana chitsulo. Gwede, gwede. Epulo anali kutali kwambiri.

Signe anakweza dzanja, kuitana mayi wantchito wa m'sitimamo.

"Mayi," anatero ndi mawu aang'ono.

Palibe anamva.

"Mayi!" anafuula Signe. "Chitsulo chathu sichinalire!"

Pakati pa sitima pankakhala Mayi Bodil. Iwo ankakwera ulendo uliwonse. Ntchito yawo inali kugwira mabuleki. Anaigwira ntchitoyi zaka makumi atatu. Mayi Bodil sankanena chinthu kawiri.

"Belu lisalire!" anatero Mayi Bodil.

"Aa, n'chiyaninso?" anadandaula bambo wina kumbuyo. "Tikuuma ndi chisanu kuno!"

"Amene akuzizidwa aombe m'manja," anatero Mayi Bodil. "Sitima sinyamuka."

Mayi Bodil anagwada. Anayatsa tochi. Anasuzumira pansi pa mpando.

"Sipuling'i yathyoka," anatero. Kenako anatembenuka. "A Ejvind, chitsulo timakoka. Sitikanikiza. Nyengo ino ana amabwera atafufuma ngati mapilo."

"Ndalakwa, mayi," anatero Bambo Ejvind, atawerama.

Mayi Bodil anakoka zitsulo zonse, chimodzichimodzi. Zonse zinali zolimba. Anamanga nsalu yachikasu pampando wa Signe.

"Mpando uwu watsekedwa," anatero. "Tsikani, ana inu."

Mipando ina yonse inali yodzaza. Signe anatsika. Asger anatsika. Belu linalira. Sitima inapita popanda iwo.

Signe anathamangira kwa amayi. Anabisa nkhope m'jekete lawo. Analira, analira.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero amayi.

"Ndikudziwa," anatero Signe. "Koma zikuwawabe."

Asger ankayang'ana kumwamba. Sitima inafika pansonga. Inatsika ngati mwala. Anthu ananyamuka pang'ono pamipando yawo. Zitsulo zokha n'zimene zinawagwira.

Asger anayang'ana manja ake.

"Signe," anatero motsitsa mawu, "sindikanatha kukugwira. Pepa."

Alendo anayamba kutuluka. Nyimbo za m'paki zinaleka. Tinyale tating'ono tinayaka m'mitengo. Amayi anatulutsa makiyi a njinga.

"Taimani kaye!"

Anali Mayi Bodil. Kumbuyo kwawo kunali antchito onse a m'paki. Panali wokazinga zitumbuwa, epuloni ili m'chiuno. Panali wosesa masamba. Panali wodyetsa mahatchi.

"Dzina lako ndani?" anafunsa Mayi Bodil.

"Signe Thrane."

"Signe Thrane, kuno tili ndi mwambo. Alendo akapita, antchito timakwera ulendo wathu. Umenewo ndiwo umatseka chaka. Mlendo sakwera nawo."

"Ine ndine mlendo," anatero Signe.

"Lero wayendera chitsulo. Wapeza vuto. Wanena. Imeneyo ndi ntchito. Choncho ndiwe wantchito."

Signe anapukuta misozi.

"Nanga achimwene?"

"Achimwenewo agwira ntchito yanji?"

Signe anaganiza. Anaganizanso.

"Apepesa," anatero.

Antchito onse anaseka.

"Imeneyonso ndi ntchito yolemetsa," anatero Mayi Bodil. "Akwere. Nanunso mayi, kwerani."

"Ine ayi!" anatero amayi. "Ine njinga imandikwanira."

"Zikwamazo siyani apa," anatero Mayi Bodil.

Amayi anasiya zikwama.

Signe anakhala pampando wakutsogolo. Asger anakhala pambali pake. Amayi anakhala kumbuyo kwawo, pamodzi ndi wokazinga zitumbuwa.

Zitsulo zinatsika. Kha! Kha! Kha!

Bambo Ejvind anakoka chitsulo cha Signe. Anachikokanso. Signe naye anachikoka. Chinali nganganga.

Belu linalira kamodzi. Belu linalira kachiwiri.

Sitima inayamba kukwera. Inakwera pang'onopang'ono. Inadutsa madenga. Inadutsa nsonga za mitengo. Nkhungu inali itagona pankhalango ngati mkaka. Kutali kunali nyanja yotuwa. Atsekwe ankauluka pamzere, akulowera kumwera. Pansi, njinga zawo zitatu zinali ngati nyerere.

Pansonga sitima inaima kamphindi. Kunali zii.

Signe anacheuka. Amayi anali atatsinzina kwambiri.

"Amayi, tsegulani maso. Kukukongola."

"Tatsika kale?"

"Sitinayambe."

"Mayo ine!"

"Musaope, amayi," anatero Signe. "Chanu chinalira. Ndinachimva."

Amayi anatsegula diso limodzi. Kenako anatsegula linalo.

Mayi Bodil anamasula mabuleki. Sitima inaweramira pansi, ndipo banja lonse linakuwa pamodzi.