Mpando wa Pambali pa Cosimo

Ornella anakumana ndi Cosimo pazenera lachinayi, pomwe Ornellayo anali atagulitsa matikiti a sitima kwa zaka zisanu ndi zinayi pa siteshoni yaikulu ya Torino. Linali tsiku lolemetsa ngati masiku ena onse: mzere wautali, anthu aukali, msana ukuchita kuyaka.

"Lecce, Lachisanu, munthu mmodzi. Dzina ndi Cosimo Mazzotta," anatero mwamuna wamtali wa zikhadabo zakuda ndi girisi.

"Yopita yokha, kapena yobwereranso?"

"Ndikapanda kubwerera mundisowa?"

Ornella sanaseke. Zoterezi ankazimva kasanu pa tsiku. "Bambo, kumbuyo kwanuko kuli anthu makumi awiri."

"Adikire. Ine ndadikira zaka makumi atatu ndi zisanu kuti ndione maso amenewo."

Bodza lenileni! Koma patapita sabata ziwiri munthu uja anatulukiranso, atanyamula botolo la mafuta a maolivi lokulungidwa m'nyuzipepala. Anayesa kulikankhira pakampata ka pansi pa galasi, koma botolo linakana. Anthu pamzere anayamba kung'ung'udza.

"Ndi a m'munda mwa mayi anga," anatero Cosimo. "Poti pano sakulowa, ndiye kuti mutuluke mudzalandire nokha. Mumaweruka nthawi yanji?"

Apo Ornella anaseka. Ndipo mkazi wotopa akangoseka, zinazo zimayenda zokha.

Zaka ziwiri zinadutsa. Cosimo ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zitsulo za galimoto, koma pakamwa pake panali pa munthu woimba. M'mawa uliwonse foni ya Ornella inkalira.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Khofi wanga sakukoma poti sindinakuone."

"Nthiti yanga, wadya? Usamangodyetsa anthu matikiti iwe uli ndi njala."

"Ndikulonjeza, mtima wanga: ndidzakutenga pa sitima yomweyi mpaka pakhomo pa mayi anga."

Lonjezo lomalizali ndi lomwe Ornella ankalisunga ngati dzira. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mayi ake anali atasiya kufunsa, ndipo kusiya kufunsako kunkapweteka kuposa mafunso. Chomwe ankafuna chinali chimodzi basi: kukalowa m'nyumba ya kwa a Mazzotta.

"Kwathu kummwera sizili ngati kuno," Cosimo anamufotokozera kangapo. "Mkazi salowa m'nyumba ya mayi a mwamuna mwachisawawa. Ukangoponda pakhomo n'kudya patebulo pawo, basi, mudzi wonse wadziwa kuti ndiwe mkazi wanga. Komanso wachibale aliyense asakuone mayi asanakuone. Akamvera kwa ena, akhoza kugona nazo mwezi wathunthu."

N'chifukwa chake ngakhale mu Torino munali abale ake ambirimbiri, Ornella sankadziwa ndi mmodzi yemwe. Ankati ndi ulemu. Nanga munthu wokonda amaganiza zoipa?

Tikiti yoyamba anadzidulira pa Khirisimasi. Kutatsala masiku atatu, Cosimo anabwera nkhope ili khuma.

"Amalume atisiya, wapamtima. Nyumba ili pa maliro. Sungakalowe koyamba anthu atavala zakuda."

Ornella anasintha tikiti yake ndi zala zake zomwe, kuikankhira ku Isitala. Cosimo anapita yekha.

Pa Isitala akuti mchemwali wake wabereka, nyumba yadzaza, pogona palibe. Anapitanso yekha. Mu Juni akuti kufakitale amukaniza tchuthi. Katatu konse! Ornella ankasinthira anthu ena matikiti tsiku lonse, koma yake ikafika, chala chinkalemera ngati mtondo.

"Mu Ogasiti zivute zitani," analumbira Cosimo atamugwira manja onse awiri. "Fakitale itseka, palibenso chotiletsa. Ndikanama, Mulungu andione."

Aliyense wa pa siteshoni amadziwa kuti mu Ogasiti sitima zopita kummwera zimadzaza miyezi iwiri nthawi isanakwane. Theka la Torino limalongedza masutikesi kupita kwawo. Choncho Ornella sanachedwe. Anagwira mipando iwiri pa sitima ya m'mawa ya pa 12 Ogasiti, yosasintha panjira: bogi 6, mpando 41 ndi 42.

Lamlungu masana atadya ndi Cosimo, anayala pepala la ulendo patebulo la kukhitchini kwake, mbale zisanachotsedwe.

"Tamvera. Tinyamuka m'mawa, tidutsa Milano, Bologna, kenaka nyanja iyamba kuoneka. Ndasankha mbali ya kumanzere dala kuti tiziiona mpaka Bari. Maola khumi ndi limodzi. Ndikonza buledi wa nyama ndi tchizi, madzi mabotolo anayi."

"Iwe ndiye mkazi, duwa langa."

"Mayi ako ndiwatengere chiyani? Chokoleti chakunochi chikafika chitasungunuka."

"Utenge nkhope yakoyi basi."

"Ndikunena zenizeni, Cosimo. Nsalu ya patebulo? Nanga diresi, la buluu lija silifupika? Ndikawapsompsone masaya onse awiri kapena ndidikire ayambe okha?"

Cosimo ankangoseweretsa foloko, maso ali pawindo. "Usadzitopetse, mtima wanga. Zonse zikayenda."

"Ndatopa kale," anatero Ornella motsitsa mawu. "Ndatopa kulongedza ndi kumasula sutikesi imodzimodzi. Ulendo uno usandichititse manyazi."

"Sindingatero."

Kutatsala sabata imodzi, m'mawa akutsegula zenera lake, meseji inalowa.

"Nthiti yanga, usakwiye. Mayi BP yakwera, adokotala akuti asadzidzimutsidwe ndi chilichonse. Fufuta yakoyo, yanga uisiye. Sepitembala ndi wathu, ndikulonjeza. Ndimakukonda koposa moyo."

Ornella anawerenga kawiri. Misozi sinabwere n'komwe. Anangomva thupi lonse kulefuka ngati wanyamula matumba a simenti.

Piera, mnzake wa pazenera lachitatu, anasuzumira. "Wasinthanso eti? Pano wamwalira ndani?"

"Mayi ake akudwala."

"Banja limenelo ndiye lili pamavuto, ayi ndithu. Ukangodula tikiti wina amagwa. Bwanji osawasiya akhale ndi moyo?"

"Piera, chonde."

"Ine ndangonena, mnzanga. Mwamuna wokuitana maina khumi koma osakuonetsa ngakhale galu wa kwawo?"

Ornella anatsegula tikiti ija pakompyuta. Mpando 42. Chala chinafika pofufutira, n'kubwerera. Mwina mayiwo apeza bwino pofika tsiku la ulendo? Mwina Cosimo asintha maganizo? Anaisiya momwemo.

Cha m'ma 3 koloko masana, kutentha kuli phuliphuli, pazenera panafika mayi wachikulire wonenepa, akudzikupiza ndi envelopu. Anatsitsa chikwama chake pansi ndi kupuma mwamphamvu.

"Mwana wanga, ndithandize, miyendo yandithera pamzerepa. Zogula pafonizi ine sindizidziwa, ndimafuna tikiti yogwira m'manja. Lecce, pa 20, anthu asanu ndi atatu. Maina ndi awa."

Anakankhira kapepala pansi pa galasi. Ornella anayamba kulemba. Mazzotta Oronzo. Mazzotta Vita. Mazzotta Donato. Abale a Cosimo! Kwa nthawi yoyamba anaona wachibale wake maso ndi maso, ndipo anadzipeza akukonza tsitsi lake.

"Yachindunji yadzaza, mayi," anatero mwaulemu woposa wa masiku onse. "Koma ndikhoza kuwapezera malo akalola kusintha sitima ku Bologna. Mukupita kutchuthi?"

"Tchuthi chanji? Ukwati, mwana wanga! Ukwati wa anthu mazana atatu! Mwana wa mchimwene wanga akukwatira. Ine ndi azakhali ake, Addolorata. Ndinamusambitsa ndi manja awa. Taona wekha, pepala lake lokhalo kukongola!"

Envelopu ija inalowa pansi pa galasi mosavuta. Ornella anaitsegula. Zilembo zagolide zinali zopendekeka bwino: Cosimo Mazzotta ndi Immacolata Perrone, pa 22 Ogasiti.

Phokoso lonse la siteshoni linazimirira m'makutu mwake.

"Cosimo... wa kufakitale ya zitsulo za galimoto?"

"Ukumudziwa? Eee, amakwera sitima ngati kondakitala ameneyo! Zaka zisanu ndi ziwiri ali pa chibwenzi ndi Imma. Mtsikanayo analowa m'nyumba mwathu ali kamwana, Lamlungu lililonse amadya ndi apongozi ake. Tinkangoti kodi awiriwa akudikira chiyani? Pa Khirisimasi ndi pomwe anakagwira holo, pa Isitala anakayesa suti."

"Pa Khirisimasi... sikunali maliro?"

"Maliro? Tseka pakamwa, mwana iwe!" Azakhali aja anagwira chitsulo cha pakauntala msangamsanga kuti tsoka lipite kutali. "Kwathu sikunafe munthu zaka zinayi tsopano."

"Nanga mayi ake ali bwanji?"

"Mlamu wanga? Wolimba ngati bulu! Dzulo lomweli wandikalipira pafoni ola lathunthu nkhani ya maluwa."

Ornella anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndiye kuti matikiti onse aja, a Khirisimasi, a Isitala, ankadula yekha ndi manja ake kuti mwamuna akakonze ukwati ndi mkazi wina? Ndiye kuti mpando wa patebulo womwe ankaulota unali ndi mwini wake kalekale? Nanga Sepitembala uja akanabwera ndi bodza lanji, mphete ili kuchala?

Manyazi anamuwotcha kuposa mkwiyo. Zaka ziwiri za "duwa langa"! Koma manja ake, poti anazolowera ntchito, anapitiriza okha. Anadinda matikiti asanu ndi atatu, n'kuwasanja bwinobwino.

"Watuwa bwanji, mwana wanga? Ndi kutenthaku. Landira aka." Azakhali anakankhira kansalu koyera komangidwa ndi riboni, muli timaswiti tisanu ta ukwati. "Ndamanga mazana atatu ndi manja anga, kamodzi sikangasowe. Udye, nawenso upeze wako."

"Zikomo, mayi."

"Tsono vuto lalikulu ndi ili. Ineyo sindingadikire pa 20. Ndiyenera kutsogola pa 12 ndi timaswiti timeneti, ndikathandize mlamu wanga. Cosimo akukwera ya m'mawa tsiku lomwelo, akanandinyamulira makatoni. Koma ndamuuza kuti andipezere malo, akungoti sitima yadzaza, yadzaza. Tayang'ana bwino, mwana wanga. Ngakhale kampando ka pafupi ndi chimbudzi."

Ornella anayang'ana pakompyuta. Sitima inalidi yodzaza, bogi loyamba mpaka lomaliza. Pomwepo foni yake inanjenjemera pambali pa kiyibodi.

"Wafufuta, mtima wanga? Usandikwiyire. Madzulo ndibwera ndi ayisikilimu amene umakonda."

Anaitembenuza chafufumimba. Piera anali atasiya kugulitsa, akumuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Akanatha kufufuta mpando wa Cosimo pomwepo, mkwati n'kusowa chokwera. Akanatha kukuwa, siteshoni yonse imve. Koma mphamvu zokuwira analibe. Anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa.

"Mayi," anatero, "pali munthu mmodzi amene sapitanso. Bogi 6, mpando 42. Ndi wa pazenera, mbali yoonera nyanja. Uli pambali penipeni pa mwana wa mchimwene wanu."

"Mariya Woyera! Pambali pa Cosimo? Iwe ndiwe mngelo!"

Ornella anafufuta dzina lake pa mpando uja chilembo chimodzichimodzi, n'kulembapo Mazzotta Addolorata. Makina anadinda tikiti. Poikankhira pansi pa galasi, dontho linagwera papepala.

Azakhali anasiya kumwetulira. Anayang'ana tikiti, anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, nayandikira galasi.

"Mwana wanga, ukulira chiyani? Mpandowu unali wa ndani?"

"Unali wa Ornella."

"Ornella ndi ndani?"

"Mukamufunse Cosimo. Koma musamuimbire lero, mayi. Mudikire zitseko zitsekedwe, sitima inyamuke. Mudzakhala ndi maola khumi ndi limodzi, ndipo alibe kothawira."

Azakhali Addolorata anaima chilili, dzanja lili pakamwa. Maso awo anatsikira pa kabaji ka pachifuwa cha mtsikanayo, pomwe panalembedwa dzina lake. Anawerenga, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Mwana wa mchimwene wanga?" ananong'ona. "Amene ndinamusambitsa ine?"

Ornella anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Kumbuyo kwa azakhaliwo mzere unali utafika kukhomo, ndipo bambo wina anayamba kale kuloza wotchi yake.

"Muyende bwino, mayi," anatero. "Wotsatira!"